Mmene mungafananizire masoketi a purosesa musanagule kompyuta imene mukufuna kudzaikweza

Munthu akamagula kompyuta, maso ake amathamangira pa dzina la purosesa (kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta), kuchuluka kwa RAM (malo osungirako kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito) ndi kukula kwa malo osungira zinthu, koma si kawirikawiri pamene amafunsa za malo amene purosesayo yakhazikikapo. Malo amenewo ali pa bolodi lalikulu la kompyuta lotchedwa motherboard, ndipo dzina lake ndi soketi. Pa tsiku logula, soketi sioneka ngati nkhani chifukwa kompyuta imayaka ndi kugwira ntchito bwinobwino. Imadzakhala nkhani pakapita zaka zitatu kapena zinayi, mapulogalamu atayamba kulemera, inu mukufuna kuchotsa purosesa yakale kuti muikemo yamphamvu. Pa nthawi imeneyo soketi ndi imene imanena ngati musinthe kachipangizo kamodzi kokha, kapena ngati mugulenso bolodi, RAM ndi choziziritsira.

Komabe soketi ndi khomo loyamba chabe. Purosesa ikhoza kulowa bwinobwino, chotsekera chake n'kutseka popanda vuto lililonse, koma kompyuta osayaka. Kuti kusintha purosesa kutheke, payenera kugwirizana soketi, chipset ya bolodi (kachipangizo kolumikiza purosesa ndi zipangizo zina), BIOS (pulogalamu ya m'bolodi imene imayatsa kompyuta ndi kuzindikira purosesa), mtundu wa RAM, ndiponso mphamvu ya magetsi ndi kaziziritsidwe. Ambiri amene amataya ndalama pa nkhani imeneyi amakhala ataona soketi yokha n'kuiwala zinazo.

## Mitundu itatu ya masoketi

Mtundu woyamba ndi PGA. Mapini ake ali kunsi kwa purosesa, ndipo soketi ili ndi timabowo tolowa mapiniwo. Mukakweza kandodo ka m'mbali mwa soketi, purosesa imatsikira yokha m'malo mwake popanda kuikankha, kenako mumatsitsa kandodoko kuti igwire. Soketi ya AM4 ya kampani ya AMD ndi ya mtundu umenewu ndipo ili ndi mapini 1331.

Mtundu wachiwiri ndi LGA, umene mapini ake ali mu soketi momwemo, pamene kunsi kwa purosesa kuli timadontho tosalala tokhudzana ndi mapiniwo. Intel inayamba kugwiritsa ntchito mtundu umenewu pa makompyuta a patebulo mu 2004 ndi soketi ya LGA 775, ndipo AMD inautengera ku mapurosesa ake wamba mu 2022 ndi soketi ya AM5, yomwe ili ndi mapini 1718. Nambala imene imatsatira zilembo za LGA imasonyeza kuchuluka kwa mapini, choncho LGA 1200 ndi LGA 1700 sizingalowane ngakhale mutayesetsa bwanji. Kusiyana kwa PGA ndi LGA kuli ndi tanthauzo kwa amene akugula zogwiritsidwapo kale ntchito. Pa PGA chimene chimawonongeka msanga ndi purosesa, pamene pa LGA chimene chimawonongeka ndi bolodi. Ngati mukugula bolodi la LGA lakale, unikani mu soketi ndi tochi chopendekera. Mapini abwino amanyezimira mofanana m'mizere yowongoka, ndipo pini lopindika limaoneka ngati kadontho kowala mosiyana ndi anzake.

Mtundu wachitatu, BGA, kwenikweni si soketi ayi. Purosesa imawotchereredwa pa bolodi ndi timipira ta mtovu, moti singachotsedwe ndi manja. Pafupifupi malaputopu onse a masiku ano, makompyuta ambiri ang'onoang'ono, ndi makompyuta a Apple okhala ndi mapurosesa a M1 ya mu 2020 ndi otsatira ake, ali m'gulu limeneli. Purosesa imene mwagula nayo kompyuta yotere ndi imene mudzathere nayo.

## Masoketi a Intel

Kwa zaka zambiri chizolowezi cha Intel chakhala chakuti soketi imodzi imanyamula mibadwo iwiri ya mapurosesa a Core, kenako n'kulowedwa m'malo ndi ina. LGA 1155 ya mu 2011 inanyamula m'badwo wachiwiri ndi wachitatu, LGA 1150 ya mu 2013 inanyamula wachinayi ndi wachisanu, LGA 1151 inafika mu 2015, LGA 1200 mu 2020, LGA 1700 chakumapeto kwa 2021, ndipo LGA 1851 inafika mu 2024.

M'badwo wa purosesa mumaudziwa ndi manambala oyambirira a dzina lake. Core i5-8400 ndi ya m'badwo wa 8, pamene Core i5-12400 ndi ya m'badwo wa 12. Wogulitsa akangonena kuti kompyuta ili ndi i7 sanakuuzeni kanthu, chifukwa Core i7-3770 ya mu 2012 imapambanidwa kutali ndi Core i3-12100 ya mu 2022, ndipo soketi ya LGA 1155 imene i7 yakaleyo yakhalamo ilibenso purosesa yatsopano yoti mungadzaikemo. Muzifunsa dzina lonse ndi manambala ake.

Msampha waukulu uli pa LGA 1151. Soketi imeneyi inanyamula mibadwo inayi, kuyambira wa 6 mpaka wa 9, koma m'magulu awiri osagwirizana. Mabolodi a chipset ya 100 ndi 200, monga H110, B150, B250 ndi Z270, amalandira m'badwo wa 6 ndi wa 7 wokha. Mabolodi a chipset ya 300, monga H310, B360, Z370 ndi Z390, amalandira wa 8 ndi wa 9 wokha. Tayerekezani munthu amene ali ndi bolodi la B250 ndipo wagula Core i5-8400 chifukwa pa bokosi pake palembedwa LGA 1151, ngati mmene zilili pa bolodi lake. Purosesayo ikhala bwinobwino mu soketi, mapini onse agundana ndi malo ake, chotsekera chitseka, koma akadina batani loyatsira sikirini ikhalabe yakuda. Palibe chimene chawonongeka, kungoti Intel inasintha ntchito ya mapini ena ndipo BIOS ya bolodilo siidziwa purosesa imeneyo. Kusiyana kwa magulu awiriwa n'kwakukulu ndithu, chifukwa gulu loyamba limathera pa Core i7-7700K yokhala ndi ma core 4 (tizigawo ta m'kati mwa purosesa togwira ntchito pa nthawi imodzi), pamene lachiwiri limafika pa Core i9-9900K yokhala ndi ma core 8.

LGA 1200 inanyamula m'badwo wa 10 ndi wa 11, koma nayonso ili ndi kamsampha kake. Mabolodi a H410 ndi B460 salandira m'badwo wa 11, pamene a H470 ndi Z490 amaulandira BIOS ikasinthidwa.

LGA 1700 ndi imene inakhalitsako, chifukwa inanyamula mibadwo itatu, wa 12, wa 13 ndi wa 14, pa mabolodi a chipset ya 600 ndi 700. Bolodi la B660 limene linagulidwa ndi Core i3-12100 likhoza kulandira Core i5 kapena i7 ya m'badwo wa 14, bola BIOS yake ikhale yatsopano. Pali chifukwa chinanso chosinthira BIOS pa mabolodi amenewa. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena amphamvu a m'badwo wa 13 ndi wa 14 ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cholandira magetsi opitirira muyeso, ndipo inakonza vutolo kudzera mu BIOS yatsopano, n'kuwonjezeranso zaka 2 pa waranti ya mapurosesa okhudzidwawo. Purosesa imene inawonongeka kale sichira ndi BIOS yatsopano, choncho samalani kwambiri pogula yogwiritsidwapo kale ntchito ya mibadwo iwiriyi.

LGA 1851 ndi ya mapurosesa a Core Ultra 200S, monga Core Ultra 5 245K ndi Core Ultra 9 285K, pa mabolodi a H810, B860 ndi Z890. Kukula kwa purosesa zake n'kofanana ndi za LGA 1700, koma sizilowana.

## Masoketi a AMD

Mbiri ya AM4 ndi imene inachititsa anthu ambiri kuyamba kuganizira za soketi pogula kompyuta. Soketi imeneyi inatuluka mu 2016, mapurosesa oyamba a Ryzen anafika mu Malichi 2017, ndipo AMD inapitiriza kuitulutsira mapurosesa atsopano ngakhale AM5 itabwera kale, mwachitsanzo Ryzen 7 5700X3D ya mu Januwale 2024. Munthu amene anagula bolodi la B350 ndi Ryzen 5 1600 mu 2017 anatha, patapita zaka 5, kuikamo Ryzen 7 5800X3D popanda kusintha bolodi kapena RAM, n'kukhala ndi kompyuta yothamanga ngati yatsopano.

Koma njirayo sinali yosalala monga mmene imakambidwira masiku ano. Mu Meyi 2020 AMD inalengeza kuti mapurosesa amene anadzatchedwa Ryzen 5000 sadzagwira ntchito pa mabolodi a chipset ya 400, ndipo inabweza mawuwo patangopita masiku owerengeka ogula atadandaula kwambiri. Eni mabolodi a chipset ya 300 anadikira mpaka 2022. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali kachipangizo kosunga BIOS, kamene pa mabolodi ambiri akale kanali ka 16 MB, ndipo malo ake sankakwana kusunga malangizo a mapurosesa onse a AM4. Opanga mabolodi anathana ndi vutoli pochotsa malangizo a mapurosesa akale kuti atsopano apeze malo. Zotsatira zake n'zakuti pa mabolodi ena, mukaika BIOS yolandira Ryzen 5000, purosesa yanu yakale imasiya kugwira ntchito pa bolodi lomwelo. Muziwerenga mawu amene amalembedwa pansi pa BIOS iliyonse musanaiike.

Vutoli liliponso mbali inayo. Mabolodi a B550 ndi A520, amene anatuluka mu 2020, AMD sinawavomereze kuti azigwira ntchito ndi Ryzen 1000 ndi 2000, ngakhalenso Ryzen 3 3200G ndi Ryzen 5 3400G, zomwe dzina lake likuoneka ngati la gulu la 3000 koma kapangidwe kake ka m'kati ndi ka gulu lakale.

AM5 inafika mu Seputembala 2022 ndi Ryzen 7000, kenako inalandira Ryzen 8000G ndi Ryzen 9000 mu 2024. Mabolodi oyambirira a A620, B650 ndi X670 amalandira Ryzen 9000 BIOS ikasinthidwa, ndipo atsopano ndi B840, B850, X870 ndi X870E. Pa chionetsero cha Computex cha mu 2024, AMD inanena kuti ipitiriza ndi soketi imeneyi mpaka 2027 ndi kupitirira. Lonjezo limeneli n'lothandiza, koma mbiri ya AM4 ikusonyeza kuti lonjezo la soketi silitanthauza kuti bolodi lililonse lidzalandira purosesa iliyonse pa tsiku limene yatuluka.

Mapurosesa a Threadripper a AMD ndi ambiri a Xeon a Intel, opangidwira ntchito zolemera kwambiri, ali ndi masoketi awoawo akuluakulu, monga sTR5, ndipo sakhudzana ndi amene tawatchulawa.

## Mmene mungadziwire chimene bolodi lingalandire

Yambani ndi kudziwa dzina lenileni la bolodi. Pa Windows, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani msinfo32, ndipo pa tsamba limene lituluke yang'anani mizere ya BaseBoard Manufacturer, BaseBoard Product ndi BIOS Version/Date. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imasonyezanso zomwezi, kuphatikizapo dzina la soketi pa mzere wolembedwa Package ndi mtundu wa RAM imene ili m'kompyutamo. Ngati kompyutayo siyaka, dzina la bolodi limakhala losindikizidwa pa bolodi penipenipo, nthawi zambiri pakati pa soketi ndi polowera khadi la zithunzi. Onaninso nambala yaing'ono yolembedwa Rev pakona, chifukwa mabolodi awiri a dzina limodzi koma Rev yosiyana akhoza kukhala ndi BIOS yosiyana.

Mukadziwa dzinalo, pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga bolodilo, kaya ndi ASUS, Gigabyte, MSI, ASRock kapena ina, ndipo fufuzani mndandanda wolembedwa CPU Support. Mndandanda umenewu ndi umene uli ndi mawu omaliza, kuposa wogulitsa, kuposa zolembedwa pa bokosi, kuposanso nkhani ino. Umatchula purosesa iliyonse imene inayesedwa pa bolodilo, ndipo pambali pake pamakhala nambala ya BIOS imene purosesayo inayambira kugwira ntchito. Ngati BIOS yanu ili yakale kuposa nambala imeneyo, muyenera kuisintha purosesa yakale idakali mu soketi. Amene amachotsa yakale n'kuigulitsa asanasinthe BIOS amatsala ndi bolodi losayaka ndi purosesa yatsopano, komanso opanda yakale yoti ayatsire.

Mabolodi ena ali ndi kabatani kumbuyo kamene kamalola kusintha BIOS kuchokera pa fulashi ngakhale mu soketi mulibe purosesa. ASUS imakatchula USB BIOS FlashBack, Gigabyte imati Q-Flash Plus, ndipo MSI imati Flash BIOS Button. Kwa ine, kabatani kameneka n'kofunika kuposa timagetsi tamitundumitundu tokongoletsera bolodi, makamaka ngati mukugula bolodi limene linakhalitsa m'sitolo pamodzi ndi purosesa imene yangotuluka kumene. Pamene BIOS ikulembedwa magetsi asazime, chifukwa ikadukira pakati bolodi likhoza kusiya kuyaka.

## RAM, magetsi, choziziritsira ndi zithunzi

RAM imayendera limodzi ndi soketi. AM4 ndi LGA 1200 zimagwiritsa ntchito DDR4, pamene AM5 ndi LGA 1851 zimafuna DDR5 yokha. LGA 1700 ili pakati, chifukwa mapurosesa ake amatha kugwira ntchito ndi mitundu yonse iwiri, koma bolodi lililonse limalandira mtundu umodzi wokha, ndipo a DDR4 nthawi zambiri amakhala ndi D4 kapena DDR4 m'dzina lawo. DDR4 ndi DDR5 za makompyuta a patebulo zonse zili ndi mapini 288 ndipo kutalika kwake n'kofanana, koma kampata ka pakati kali pa malo osiyana, choncho siziyenera kukakamizidwa kulowa. Tanthauzo lake n'lakuti amene akuchoka pa AM4 kupita pa AM5 sakugula purosesa yokha, akugula zinthu zitatu nthawi imodzi.

Nkhani ya magetsi ndi imene mndandanda wa CPU Support sukuuzani mokwanira. Mozungulira soketi muli tizipangizo totchedwa VRM, timene timatsitsa magetsi a 12 V ochokera ku power supply (bokosi lopereka magetsi m'kompyuta) kuti akhale ochepa oyenera purosesa. Bolodi lotsika mtengo, monga ambiri a H610 ndi A620, limakhala ndi tizipangizo timeneti tochepa, mwinanso topanda chitsulo chomwaza kutentha pamwamba pake. Core i5-12400 imafuna mawati 65 ndipo ikalimbikira imafika pa 117, pamene Core i9-13900K imayambira pa mawati 125 n'kufika pa 253. Zonsezi ndi za soketi imodzi, ndipo bolodi laling'ono likhoza kuyatsa yachiwiriyo, koma ntchito ikakula VRM imatentha ndipo purosesa imachepetsa liwiro kuti bolodi lisapse. Mukatero mwalipira mphamvu imene simukuilandira. Ngati cholinga chanu n'kudzaika purosesa yaikulu m'tsogolo, yang'anani ngati kumtunda ndi kumanzere kwa soketi kuli zitsulo zomwaza kutentha, ndipo onetsetsani kuti power supply ili ndi mawati otsala komanso chingwe cha mapini 8 chopita ku purosesa. Amene akufuna kuthamangitsa purosesa kuposa liwiro la ku fakitale adziwe kuti pa Intel pamafunika purosesa yokhala ndi chilembo K ndi bolodi la Z, pamene pa AMD mabolodi ambiri a B ndi onse a X amalola zimenezi.

Choziziritsira nacho chimatsatira soketi. Mabowo omangira pa LGA 1155, 1150, 1151 ndi 1200 anatalikirana mamilimita 75, choncho choziziritsira chimodzi chimakwana pa onsewa. Pa LGA 1700 anatalikirana mamilimita 78, ndipo LGA 1851 inasunga muyeso womwewo. Zoziziritsira zambiri za AM4 zimakwana pa AM5, kupatula zimene zimafuna kuti muchotse chitsulo cha kuseri kwa bolodi n'kuikapo chawo, chifukwa pa AM5 chitsulocho chimagwiranso soketi.

Chomaliza m'gawo lino ndi zithunzi. Mapurosesa a Intel okhala ndi chilembo F kumapeto, monga Core i5-12400F, satulutsa okha chithunzi pa sikirini. Pa AM4, mwa mapurosesa a Ryzen ndi okhawo okhala ndi G amene amatulutsa chithunzi. Munthu amene akuchotsa Ryzen 3 3200G n'kuika Ryzen 5 5600 adzapeza kuti polowera chingwe cha HDMI pa bolodi papanda ntchito, ndipo afunika kugula khadi la zithunzi lapadera limene sanaliwerengere. Pa AM5 mapurosesa ambiri amatulutsa chithunzi okha, kupatula okhala ndi F, monga Ryzen 5 7500F.

## Makompyuta obwera omangidwa kale

Makompyuta a muofesi monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre amagwiritsa ntchito masoketi omwewa, koma mabolodi ake amapangidwira kompyuta imeneyo yokha. BIOS yake imadziwa mapurosesa amene kampaniyo inkagulitsa nawo mtundu umenewo, ndipo zingwe za power supply ndi mabowo omangira bolodi nthawi zambiri sizitsatira muyeso wamba. Choncho kuchotsa i3 n'kuika i5 kapena i7 ya m'badwo womwewo kumatheka kawirikawiri, koma kupitirira pamenepo n'kovuta. Timakompyuta tating'ono kwambiri ta magulu amenewa timagwiritsa ntchito mapurosesa okhala ndi chilembo T, a mawati 35, ndipo si nzeru kuikamo ya mawati 65 popanda kuona kaye buku la kampaniyo.

Pogula kompyuta yakale yotere, kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (gawo la chitetezo losunga makiyi achinsinsi) ndi purosesa ya Intel yoyambira m'badwo wa 8, kapena Ryzen yoyambira gulu la 2000, kupatula zochepa zimene Microsoft inazipatula. Malire amenewa akudutsa pakati penipeni pa LGA 1151, moti kompyuta ya Core i5-7500 ndi ya Core i5-8500, zomwe maonekedwe ake ndi amodzi, zili mbali ziwiri zosiyana za mzerewo, ndipo yoyambayo singawoloke posintha purosesa yokha.

Pa laputopu funso la soketi linatha pambuyo pa m'badwo wachinayi wa Intel, umene unali womaliza kukhala ndi mapurosesa ochotseka pa malaputopu wamba. Chofunsa n'chakuti RAM ndi yochotseka kapena yowotcherera, komanso ngati pali malo a SSD ina (chosungira zinthu chothamanga kuposa hard disk). Ngati RAM ndi yowotcherera, gulani yokwanira pa tsiku loyamba.

## Kodi musankhe iti?

Ngati muli kale ndi bolodi la AM4 kapena LGA 1700 lokhala ndi purosesa yaing'ono, musathamangire kusamuka, chifukwa pamwamba panu pali masitepe angapo oti mukwere popanda kusintha RAM. Ngati mukumanga kompyuta yatsopano ndipo mukudziwa kuti ndinu munthu amene amatsegula kompyuta n'kusintha zinthu, AM5 ndi imene ili ndi lonjezo lonenedwa poyera la mapurosesa a m'tsogolo. Kumanga kompyuta yatsopano pa AM4 kapena LGA 1700 si kulakwitsa, bola mudziwe kuti purosesa yamphamvu kwambiri imene mungadzaikemo inatuluka kale, ndipo mukhoza kuiona pa mndandanda lero lomwe n'kudzifunsa ngati idzakukwanireni.

Ndinenenso chinthu chimene okonda makompyuta sakonda kumva. Anthu ambiri sasintha purosesa m'pang'ono pomwe. Pofika nthawi imene yachepa mphamvu, RAM ya mtundu wina imakhala itabwera ndipo kugula zonse zatsopano kumakhala kwanzeru. Kompyuta yochedwa nthawi zambiri imachira mukawonjezera RAM kapena mukachotsa hard disk n'kuika SSD, ndipo kwa osewera magemu khadi la zithunzi ndi limene limasintha zambiri. Makhadi a PCIe, umene ndi mtundu wa polowera khadi la zithunzi pa bolodi, amagwirizana pa mibadwo yosiyana, moti khadi la PCIe 4.0 limagwira ntchito pa bolodi la PCIe 3.0, kungoti limayendera liwiro la bolodilo. Choncho m'malo mogula bolodi lodula kwambiri chifukwa cha purosesa imene mwina simudzaigula, sankhani lapakati lokhala ndi malo 4 a RAM, malo 2 a M.2 olowetsapo SSD, VRM yokhala ndi zitsulo zomwaza kutentha, ndi kabatani ka BIOS kaja.

## Tsiku losintha purosesa

Musanatsegule kompyuta, sinthani BIOS ndipo sungani zinthu zanu zofunika pamalo ena. Ngati disiki yanu inatsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza zosungidwa, lembani kiyi yake ya manambala 48 kapena imitsani kaye BitLocker, chifukwa pa makompyuta ambiri TPM imadalira purosesa kapena BIOS, ndipo zimenezi zikasintha Windows ikhoza kukufunsani kiyi imeneyo isanatseguke.

Yatsani kompyuta kwa mphindi zingapo kuti thermal paste, mankhwala otuwa amene ali pakati pa purosesa ndi choziziritsira, afewe, kenako zimitsani ndi kuzula chingwe cha magetsi. Mukamasula choziziritsira, chipotozeni pang'ono uku ndi uku musanachikweze. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira pa soketi ya PGA. Ndinakoka choziziritsira chozizira molunjika m'mwamba, ndipo purosesa inazuka nacho itamatirira kunsi kwake, kandodo ka soketi kadakali kotseka. Mapini atatu a pakona anapindika, ndipo ndinatha pafupifupi ola lathunthu pansi pa nyale, ndikuyendetsa khadi lapulasitiki lopyapyala pakati pa mizere ya mapini mpaka onse ataima mofanana. Inayaka, koma pini likathyoka nkhani imakhala ina.

Gwirani purosesa m'mbali, ndipo gwirizanitsani kachizindikiro ka makona atatu kamene kali pakona pake ndi kamene kali pa soketi. Ikakana kukhala yokha, ichotseni muonenso, osaikankha. Pa LGA musagwetse kanthu mu soketi yotsegula ndipo musaikhudze ndi chala. Pukutani thermal paste yakale, ikani kadontho katsopano pakati, mangani choziziritsira pang'onopang'ono mopingasa makona, ndipo musaiwale kulumikiza chingwe cha fani pamalo olembedwa CPU_FAN.

Pa kuyatsa koyamba, makamaka pa mabolodi a DDR5, sikirini ikhoza kukhala yakuda kwa mphindi zingapo pamene bolodi likuyesa RAM, choncho musazimitse msanga. Chithunzi chikatuluka, lowani mu BIOS, onani ngati dzina la purosesa ndi kutentha kwake zili bwino, ndipo yatsaninso XMP kapena EXPO, zosankha za mu BIOS zokhudza liwiro la RAM, kuti RAM ibwerere pa liwiro lake, chifukwa kusintha purosesa kumabweza zimenezi poyambira. Purosesa yakale isungeni m'kabokosi kamene yatsopano inabweramo kwa mlungu umodzi kapena iwiri, mpaka mutaona kuti kompyuta siikuzima yokha pamene ikugwira ntchito yolemera.